Shopu Yothyoledwa Kawiri

Shopu ya Amafoni inathyoledwa kawiri. Koyamba inathyoledwa m'kompyuta, anthu akuseka ndi kuyamikirana luso. Kachiwiri inathyoledwa zenizeni, Lamlungu masana msewu wonse uli zii, ndipo panalibe woseka.

Anamwino anafika pashopupo Lolemba m'mawa, yunifolomu ya kuchipatala ili m'thupi. Anapeza amuna awo, amene msewu wonse unkawatcha Amafoni chifukwa cha ntchito yawo yokonza mafoni, atakhala pabenchi ya makasitomala ngati nawonso abwera kudzakonzetsa kanthu. Machaja ndi mahedifoni a m'galasi anali momwemo, osakhudzidwa. Koma kabati ya pansi pa kauntala, mmene ankasungamo mafoni a eni ake odikira kukonzedwa, inali yasa, mulibe ngakhale batire. Kamera ya pakona anali ataivundikira ndi ndowa yofiira yokolopera. Kuchimbudzi chakumbuyo, chitsulo chimodzi cha pazenera chinali chitazulidwa n'kuimikidwa bwinobwino pakhoma.

"Wakuba waulemu," anatero Anamwino. "Chitsulo chomwe wachiimika kuti munthu asapunthwe."

"Musaseke, amayi. Mafoni aja si anga. Eni ake ayamba kale kubwera. Wapolisi wabwera, walemba zake, wandifunsa kuti ndikukayikira ndani. Ndamuuza kuti ndimuyankha mawa."

"Ndiye mukukayikira ndani?"

Amafoni anangoloza ndi chibwano kwa mng'ono wawo, amene anali ataima pakhomo, foni ili m'manja. Mnyamata ameneyu onse ankamutcha Sajeni, ngakhale kuti upolisi wake unali wa m'gemu basi. Kale ndiye ankagwira ntchito pashopupo, koma anali wouma mutu, ndipo atakangana ndi mkulu wake kangapo anachoka n'kukachita lendi kachipinda kwayekha. Mpando wake wa pashopu, ndi chipinda chake cha kunyumba, zinapita kwa Mzime, mlongo wa Anamwino.

"Alamu, pepani," anatero Sajeni motsitsa mawu. "Sindimafuna kuti muone zimenezi, koma kubisa n'kulakwanso."

Anawapatsa foni ija. Pavidiyo panali shopu yomweyo, ya m'kompyuta koma yosasiyana ndi yeniyeni, mpaka kalendala yong'ambika ya pakhoma. Tianthu titatu tovala zophimba kumaso tinazula chitsulo cha pazenera la kuchimbudzi, tinavundikira kamera ndi ndowa yofiira, tinadutsa galasi osaliyang'ana n'komwe, n'kutsegula kabati ya pansi.

"Izi zinachitika m'gemu mwezi wathawu," anatero Sajeni. "Anamanga shopuyi ndi Mzime."

Amafoni anayankhula osakweza mawu, ndipo zimenezi ndi zimene zinawaopsa Anamwino.

"Ndamudyetsa, ndamuphunzitsa ntchito, ndamupatsa makiyi. Dzulo anthu onse a gemuyo anali pa intaneti, kupatula iye yekha. Mawa m'mawa ndikukatchula dzina lake."

* * *

Anamwino anaimbira mnzawo wa kuchipatala kuti awagwirire ntchito ya tsikulo, n'kubwerera kunyumba.

Za gemuyo ankazidziwa pang'ono, za m'khutu, chifukwa khoma la chipinda cha Mzime linali lopyapyala. Anthu akuluakulu ndithu, ena a ndevu zawo ndi ana kusukulu, ankalowa pa intaneti mumzinda wa m'kompyuta umene ankautcha Tauni Yathu. Aliyense anali ndi munthu wake mmenemo: wina wapolisi, wina wakuba, wina dalaivala wa basi, ndipo ankayankhulana ndi mawu awo enieni. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti chilichonse chizifanana ndi moyo weniweni wa kwathu kuno, osati wa m'mafilimu. Anamwino sankamvetsa kuti munthu woweruka kuntchito atatopa angakalowe bwanji m'kompyuta kukaimanso pamzere wa basi, koma ankati bola zimenezo kusiyana ndi mowa.

Mzime anamupeza atakhala pabedi, laputopu yotseka ili pamwendo. Anali mwamuna wamkulu tsopano, wa ndevu zake nayenso, koma kwa Anamwino anali yemwe uja anamusiya m'manja mwawo mayi awo akumwalira, ali wosatha kumanga zingwe za nsapato. Anamulera okha, ndipo atakwatiwa anamutenga ngati mmene munthu amatengera katundu wosasiyika. Mantha amene anali nawo tsiku limenelo anali a kholo, osati a mlongo.

"Undiyankhe ngati wodwala wofuna kuchira," anatero atakhala pampando. "Unaba?"

"Ayi, achemwali."

"Dzulo masana unali kuti?"

"Ndimangoyenda."

"Ndi ndani?"

"Ndekha. Ndinapita mpaka kumlatho, n'kubwerera. Foni ndinaisiya pachaja."

"Anzako onse ali pagemu, iwe wa gemu kuposa onsewo n'kumakayenda kumlatho?"

Mzime anakanda m'mutu mwamanyazi. "Anandiimitsa sabata yonse. Ndinaphwanya lamulo. Munthu wanga anagwa padenga, ndiye m'malo mogona pansi kudikira ambulansi, ndinangodzuka n'kumapita. Amati zimenezo si zenizeni."

"Pamenepo ndiye sananame. Ogwa padenga amene ndimawalandira ine sadzuka." Anamwino anapumira m'mwamba. "Nanga shopu ya alamu ako unaiikiranji m'menemo?"

"Ndimafuna kuti ikhale yokongola. Poyamba ndinangomanga kutsogolo kwake. Ndiye anthu anayamba kunena kuti n'zachibwana, shopu yopanda kumbuyo. Ndinawonjezera. Anati zenera si lomwelo. Ndinakonza. Achemwali, mukamanga chinthu anthu n'kunena kuti chafanana ndendende, mtima umakoma. Kushopu palibe amene amandiyamikira choncho."

"Ndiye unawapatsa ndi chitsulo chogwedera chomwe."

Mzime anangoyang'ana pansi. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, anaganiza Anamwino. Kuba sanabe, zimenezo anaziona pankhope. Koma nkhope ya mlongo wako si umboni woti n'kupita nawo kupolisi.

"Akuba a m'vidiyo aja, mtsogoleri wawo ndani?"

"Ometa aja a pafupi ndi depoti. M'gemu ndi Chinjoka."

* * *

Chinjoka anali bambo wamfupi wa dazi, wakumeta anzake tsitsi limene iye analibe. Anamwino anawapeza akusesa m'kachipinda kawo ka magalasi awiri, wailesi ikulira chapansipansi. Atamva nkhaniyo anaimika tsache n'kugwira pachifuwa.

"Mayi, ine ndine wakuba wa mbiri, sindikana. Banki ya mu Tauni Yathu ndathyola, sitolo ya golide ndathyola. Koma kunja kuno ngakhale chisa cha kasitomala ndimamuthamangira nacho mpaka kumsewu. Akazi anga afunseni, ndimaopa ndi mphemvu zomwe."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Mukhoti. Khoti la m'gemu. Unali mlandu wanga womwe uja wa shopu ya mafoni, ndiye tauni yonse inabwera kudzaonerera. Tinayamba titangodya masana, tinamaliza dzuwa litapendeka. Mawu anga ali pavidiyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa loya wanga anali mbuli, ndinachita kudziyankhulira ndekha. Anyamata anga awiri aja analinso mubokosi la oimbidwa mlandu limodzi ndi ine."

"Za chitsulo chogwedera munazidziwa bwanji?"

"Zinali pamapu. Ife akuba timayendera malo kaye, ngati akuba enieni. Kumeneku kulibe zongolowa ndi mfuti ngati mufilimu, mayi. Ukachita zimenezo amakuthamangitsa tsiku lomwelo. Amati wakuba wa kwathu sabwera ndi helikoputa, amabwera ndi sikuludiraiva." Ometawo anaseka okha, kenako anakumbukira kuti nkhani si yoseketsa, n'kudziletsa. "Malamulo ndi okhwima. Makamaka mlamu wanu uja, Sajeni. Ameneyo ndiye wansembe wa zenizeni. Ine anandigoneka muselo madzulo onse chifukwa cha mbali ya msewu."

"Mbali ya msewu?"

"Gemuyi anaipanga kunja, kumene galimoto zimayenda kumanja. Ife tinagwirizana kuti mu Tauni Yathu tiziyenda kumanzere ngati kwathu. Ndiye munthu ukasewerako magemu ena, dzanja limazolowera, umangopezeka uli kumanja. Ine ndinaiwala kamodzi kokha, ndikuthawa apolisi, moyo uli pachiswe. Sajeni atandigwira, mlandu wakuba anausiya kaye, n'kuyamba kundilalikira za msewu. Akuti munthu woyenda kumanja ndi mlendo, alibe ulemu ndi tauni ino. Iye sanaphonyepo chiyambire. Ndikuganiza kuti ndi kutulo komwe amagonera kumanzere."

Anamwino anamwetulira mwaulemu. Kasitomala analowa, n'kukhala pampando, ndipo Chinjoka anamukulunga nsalu m'khosi.

"Vidiyo ya khotilo ili ndi ndani?"

"Ameya. Amasunga chilichonse. Mukawapeza pamalo a fotokope kuseri kwa positi ofesi." Makina ometera anayamba kulira, ndipo ometawo anawonjezera osatembenuka: "Koma Mzime musamuweruze msanga. Mwana uja amangofuna kuyamikiridwa. Mukafunse kuti ankamukakamiza ndani."

* * *

Ameya a Tauni Yathu anali mayi wamtali wa magalasi, woyankhula ngati akuwerenga chikalata. Masana ankajambula ziphaso za anthu ndi kutayipa makalata ofunsira ntchito. Akaweruka ankalamulira mzinda. Anawapatsa Anamwino mpando pakati pa makina awiri otentha, n'kutembenuza kompyuta.

"Ndiyambe ndi kupepesa m'malo mwa gulu," anatero. "Tinali ndi lamulo lakuti tisaike nyumba yeniyeni ya munthu m'gemu. Tinalifewetsa tokha. Anthu ankati magemu onse ndi a mizinda ya eni, misewu ya eni, mayankhulidwe a eni. Ifenso tikhale ndi pathu. Cholinga chinali chabwino. Koma tinafika pomakangana za mtundu wa ndowa."

"Ankakangana ndani?"

"Ambiri. Koma pa shopu imeneyi, kwenikweni Sajeni. Ankati waigwirira ntchito, akuidziwa, ndipo Mzime akunamiza anthu. Za zenera ananena ndi iye. Za kabati ya pansi ananena ndi iye. Ankamunyoza pagulu mpaka Mzime akonze."

"Nanga wokanena kuti Mzime wagwa padenga n'kudzuka?"

Ameya anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Dandaulo linachokera kwa Sajeni. Koma mayi, ndisakunamizeni. Dzulo Sajeni anali pa duti. Ankalondera kunja kwa khoti ndi galimoto ya polisi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aliyense anamuona."

"Munamumva?"

"Analemba kuti maikolofoni yake yafa. Zimachitika."

"Ndionetseni."

Vidiyoyo inali yaitali, ndipo mbali yaikulu anali Chinjoka akudziikira kumbuyo ndi mawu ambirimbiri. Anamwino anaonera modekha. Ntchito yawo inawaphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: wodwala umamuyang'ana pamene iye akuganiza kuti sukumuyang'ana. Choncho khotilo analisiya, maso awo anali pamazenera a khotilo, pamene msewu unkaonekera. Galimoto ya polisi inkadutsa, n'kukazungulira, n'kudutsanso.

"Imitsani pamenepo. Galimoto iyi ndi ya Sajeni?"

"Ndi yake."

"Ine za magemu sindizidziwa, Ameya. Koma ometa aja andiuza kuti kumeneku mumayenda kumanzere."

"N'zoona."

"Nanga uyu ali mbali iti?"

Ameya anavalanso magalasi, n'kusendera pafupi. Anabweza vidiyo m'mbuyo. Anaithamangitsa kutsogolo, pamene galimotoyo inadutsanso, ndi pena, ndi penanso. Paliponse inali kumanja, ikuyenda mosatekeseka ngati ya munthu amene sanamvepo kuti kuli lamulo lina. Makina a fotokope anali akungolira okha pambali, pepala litatha.

"Tonse maso anali pa Chinjoka," anatero Ameya pomaliza, mawu a chikalata aja atawathawa. "Uyu si Sajeni. Sajeni sangayende chonchi ngakhale atamwa. Wina anamugwirira chiwongolero."

"Zingadziwike?"

"Ndikhoza kuona ngati analowa ndi kompyuta yachilendo. Mundipatse kanthawi."

"Onani. Koma musauze munthu kaye. Ndi wa kubanja."

* * *

Sajeni ankakhala m'chipinda chakumapeto pa mdadada wa nyumba za lendi, kuseri kwa galaja. Anamwino anamupeza atangoweruka, akuchapa malaya m'beseni pakhomo. Atawaona anadzuka msanga, thovu lili m'manja, n'kuwatulutsira mpando wake umodzi womwewo.

"Alamu, mwabwera bwanji kuno? Mukanangoimba."

"Ndimadutsa. Tilowe m'kati, dzuwa lakwiya."

M'chipindamo munali mwaukhondo kuposa m'wodi ya kuchipatala. Bedi loyalidwa mosamala, nsapato pamzere, kompyuta yofundika nsalu pathebulo. Anamwino anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Mnyamatayu anamuphikirapo, anamuchapirapo, anamuperekezapo kuchipatala malungo atamugwira. Tsiku limene ankasamuka, iwo anali kuntchito, ndipo atabwerako sanafunse zambiri, chifukwa chipinda chinali chitapezeka cha Mzime, amene nthawi yonseyo ankagona pabalaza.

"Maikolofoni yachira?" anafunsa.

"Yachira. Kanali kawaya chabe."

"Ndaonera vidiyo ya khoti lanu. Ndinu anthu a khama, ndakutayirani kamtengo. Ometa aja akuti unawagoneka muselo chifukwa choyenda kumanja."

Sajeni anaseka. "Lamulo ndi lamulo, alamu. Tikalekerera timenetito, tauni yonse isanduka ya eni."

"Ndiye dzulo unadzimanga wekha?"

Kuseka kuja kunatsalira pamilomo, koma m'maso munali mutachoka kale.

"Sindikumva."

"Galimoto yako inayenda kumanja masana onse. Ameya aona. Panopa akuyang'ana kompyuta imene inalowa m'dzina lako."

Atatero Anamwino anangodikira. Anazolowera odwala olumbira kuti amwa mankhwala onse pamene mapilitsi ali pansi pa pilo. Oterowo sukangana nawo, umangokhala pambali pa bedi n'kudikira. Panja wina ankamenya chitsulo kugalaja. Thovu la m'manja mwa Sajeni linauma lokha.

"Ndi mnzanga wa khomo lachiwirilo," anatero Sajeni pomaliza, atakhala pabedi. "Amasewera magemu a kunja. Sakudziwa kanthu, ndinamuuza kuti ndatopa, angondizungulirira. Ndinamuuza kuti asayankhule, asatsike m'galimoto, asaimitse munthu." Anapukusa mutu, n'kuseka kuseka kowawa. "Za msewu sindinamuuze. Sindinaganizeko n'komwe kuti munthu angafunike kuuzidwa."

"Mafoni ali kuti?"

Anagwada n'kukoka chikwama chakuda pansi pa bedi. Foni iliyonse inali yokulungidwa m'nyuzipepala payokha, kuti isakandike.

"Sindinagulitse ngakhale imodzi. Sindine wakuba, alamu."

"Nanga ndiwe ndani?"

"Shopu ija tinaiyamba awiri, ili kathebulo pakhonde. Zitsulo za pazenera zija ndinaika ndine, n'chifukwa chake ndimadziwa chogwedera. Ndinalakwitsa, inde, pakamwa panga m'poipa. Koma achimwene sanandiitanenso ngakhale kamodzi. Ndikadutsa ndimaona munthu wina pampando wanga, atavala epuloni yanga. Ndimangofuna kuti amuchotse. Mafoniwa ndikanawasiya pakhomo la shopu zonse zitazizira."

"Zitazizira, Mzime ali m'ndende."

"Sindimaganiza kuti achimwene angafike potchula dzina kupolisi."

"Unawamva m'mawa muja. Unali pakhomo, ndipo sunatsegule pakamwa."

Anamwino ananyamula chikwamacho. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera.

"Vala malaya ouma. Ukanene wekha kwa akulu ako."

* * *

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Amafoni anali pabalaza, akupukuta nsapato zawo zachikopa, zimene ankavala popita kumaofesi basi. Pakhomo la chipinda cha Mzime panali chikwama chake chachikulu, chomangidwa kale. Alamu ake anali atamuuza kuti, kaya kupolisi zikatha bwanji, m'nyumbamo asagonemonso kupyola usiku umenewo. Chitseko cha chipindacho chinali chotseka.

Anamwino anaika chikwama chakuda pathebulo n'kuchitsegula. Amafoni anamasula nyuzipepala imodzi, kenako ina. Anaizindikira foni iliyonse ngati mmene mayi amazindikirira ana ake, ya galasi losweka, ya batire lofufuma, ya agogo ena imene inagwera m'madzi. Kenako anakweza maso n'kuona mng'ono wawo ataima pakhomo, pomwe pamene pakhala poimira pake chisamukire.

Sajeni ananena zonse, mosazungulira, maso ali pasimenti. Sizinatenge nthawi.

Amafoni anamuyang'anitsitsa mng'ono wawoyo, burashi ya nsapato ili m'manja. Anamwino ankawadziwa amuna awo. Sanali munthu woipa. Anaona mkwiyo ukukwera pankhope pawo, ukufika pamphumi, kenako n'kuyamba kutsika wokha, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Chabwino," anatero Amafoni, akutsokomola pang'ono. "Katundu wapezeka, ndiye chachikulu. Mawa eni ake alandira mafoni awo. Wapolisi uja ndikamuuza kuti tawatola kuseri kwa shopu. Iwe," analoza Sajeni ndi burashi, "tikambirana. Wandichititsa manyazi kwambiri. Koma izi n'zapabanja, tizithera pabanja pompano. Sitingatengere mwana wa m'nyumba kupolisi."

Anamwino anali ataganiza njira yonse kuti akadzamva mawu ngati amenewa mtima udzakhala pansi, pakuti nawonso sankafuna kuti Sajeni akagone muselo. Koma atawamva, mtima sunakhale pansi.

"Abambo," anatero mofatsa, "nsapatozo mumapukutira ulendo wa kuti?"

"Amayi, musayambe."

"Sindikuyamba. Ndikungofunsa. M'mawa muja, Mzime sanali mwana wa m'nyumba?"

Amafoni anayang'ana nsapato, anayang'ana chikwama chomangidwa chija, ndipo manyazi anawagwira zenizeni, mochedwa. Anadzuka n'kupita kukagogoda pachitseko.

"Mlamu, tuluka. Zatha. Masula katundu wako, ndinalakwitsa."

Chitseko chinatseguka nthawi yomweyo, chifukwa khoma lija linali lopyapyala mbali zonse ziwiri. Mzime anatuluka atavala jekete, laputopu ili kukhwapa. Sanamuyang'ane Sajeni. Anapita pathebulo, n'kuika makiyi a shopu pambali pa mafoni aja, mwaulemu, ndi manja awiri.

"Zikomo, alamu, pa zonse zimene mwandichitira. Ntchito mwandiphunzitsa, sindidzaiwala." Kenako anatembenukira kwa Anamwino. "Achemwali, ometa aja ali ndi kachipinda kuseri kwa shopu yawo. Ndawaimbira, avomera."

"Mzime, wamva kuti zatha. Palibe akukuthamangitsa."

"Ndamva, achemwali. Ndamva zonse."

Anamwino anali atayenda tsiku lonse kuti mlongo wawo asagone kupolisi, ndipo sanagoneko. Anafuna kumugwira dzanja, kumukalipira, kumuuza kuti mayi awo anamusiya m'manja mwawo. Koma anaona kuti amene waima patsogolo pawo ndi munthu wamkulu, ndipo sakulakwitsa. Anawerama, n'kugwira chingwe chimodzi cha chikwama chachikulu chija.

"Ndi cholemera," anatero. "Gwira uko, ndikuperekeze."